Ma counter a driver ya netiweki: spinlock, atomic kapena u64_stats_sync?

Anzanga amene mumalemba ma driver a netiweki mu Linux, nkhani ya ma counter ngati rx_packets (mapaketi olandiridwa) ndi tx_bytes (ma byte otumizidwa) imaoneka ngati yaing'ono koma imavuta ndithu. Amene amawonjezera manambalawa ndi code yolandira ndi kutumiza mapaketi, ndipo pa 10 Gbit mapaketi ang'onoang'ono amatha kupitirira 14 miliyoni pa sekondi, pomwe owerenga amabwera mwa apo ndi apo, wina akalemba ip -s link kapena akatsegula /proc/net/dev basi. Ndiye ine njira iliyonse ndimaifunsa kuti katundu akusenza ndani, wolemba kapena wowerenga?

Kungosiya unsigned long popanda chitetezo ayi. Pa makina a 32-bit nambala ya ma byte imadzadza pa 4 GB nkuyambiranso pa 0, pa liwiro la 1 Gbit amenewo ndi masekondi 34 okha. Mukati ndiike u64, nambala ya ma bit 64, makina omwewo amaiwerenga magawo awiri, ndiye wowerenga atha kutola theka lakale ndi theka latsopano nkupeza nambala yabodza. Komanso ma CPU awiri akawonjezera nthawi imodzi, paketi ina siiwerengedwa.

Spinlock, loko imene CPU imadikira mozungulirazungulira mpaka itamasulidwa, imathetsa zonsezi ndipo njosavuta kuimva, koma paketi iliyonse ikuyenera kutenga loko, ma CPU onse akulimbirana cache line imodzi (kachigawo ka memory kamene CPU imasunga pafupi), ndipo wowerenga akaiwala spin_lock_bh, imene imaimitsa kaye softirq (ntchito ya kernel yosamalira mapaketi, imene imadula ntchito ina), softirq nkumupeza atagwira loko pa CPU yomweyo, makina aima pompo. Ndimaivomera pokhapokha ngati njirayo ili ndi loko kale. Mutex nde musaiganizire nkomwe poti imagoneka woidikira, ndipo ndo_get_stats64, function ya driver yopereka manambalawa, imatha kuitanidwa mkati mwa rcu_read_lock momwe kugona nkoletsedwa.

Atomic, kuwonjezera kumene CPU imachita kamodzi popanda kudulidwa, ambiri amaikonda poti loko palibe, koma cache line ija ikungodumphadumphabe pakati pa ma CPU, ndipo mapaketi ndi ma byte zimawonjezeredwa padera, wowerenga atha kuona china chasintha china sichinasinthe. Pa zinthu zochitika kamodzikamodzi ngati ma error ndi mapaketi otayidwa ili bwino kwambiri, DEV_STATS_INC ntchito yake ndi imeneyo.

Ine mtima wanga uli pa u64_stats_sync, imene Eric Dumazet anabweretsa mu 2010. CPU iliyonse kapena queue iliyonse imakhala ndi ma counter akeake, wolemba amaika kuwonjezera kwake pakati pa u64_stats_update_begin ndi u64_stats_update_end, wowerenga amayamba ndi u64_stats_fetch_begin, akaona pa u64_stats_fetch_retry kuti wina analemba ali mkati amangobwereza, kenako nkuphatikiza za onse. Pa 32-bit pansi pake pali seqcount, nambala imene wolemba amaikweza poyamba ndi pomaliza kulemba, pa 64-bit seqcount imeneyo kulibe, ndiye wolemba sadikira aliyense, ntchito yolemetsa yapita kwa wowerenga amene amabwera patalipatali uja, mmene zikuyenera kukhalira.

Koma chonde apa pokha samalani, u64_stats_sync siiteteza olemba awiri. Imafuna wolemba mmodzi pa nthawi, monga NAPI poll (function yolandira mapaketi) ya queue imeneyo, ndiye rx ndi tx zikamayenda mosiyana muzipatse syncp (u64_stats_sync) yakeyake, kupanda kutero pa 32-bit seqcount imasokonekera, ndipo pa 64-bit olemba awiri akamalemba pa counter imodzi mutha kutaya manambala mwakachetechete. Ngati device yanu ndi ya software ngati tunnel musavutike nkulemba zanuzanu, dev->tstats ilipo kale, dev_sw_netstats_rx_add powonjezera ndi dev_get_tstats64 powerenga.