Tinjanji tosiyidwa ta Kanengo ndi Limbe: Google Earth, mapu akale, kapena madala a ku Railways?

Kuno ku Mzuzu sitima yomwe timaidziwa ndi Ilala ikaima pa Nkhata Bay. Njanji sinafikeko kumpoto. Inafika ku Salima mu 1935, kenako ku Lilongwe mu 1979, n'kulowera cha ku Mchinji. Choncho wofuna kudziwa kuti kanjanji kopatuka kaja, komwe a ku Railways amati siding, kankapita pakhomo pa kampani iti, amayamba walingalira za thiransipoti. Ine ndayesa njira zitatu.

Yotchipa ndi Google Earth, pulogalamu yoonetsa zithunzi za malo zojambulidwa kuchokera m'mwamba, bola bandulo ikhalepo. Pakompyuta pali batani lobwezera zithunzi m'mbuyo, ndipo muzisankha za mu Okutobala udzu utapsa, chifukwa za dzinja n'zobiriwira zokhazokha. Ku Kanengo mumaona bwinobwino mzere ukuchoka pa njanji yaikulu, kukhota pang'onopang'ono, n'kukathera pambali pa shedi yaitali. Msewu umatha kukhota mwadzidzidzi, njanji ayi, ndiye ngakhale zitsulo zitazulidwa, kakhotedwe ka mpanda kapena ka mzere wa mitengo kamaulula. Vuto lake, chithunzi chimaonetsa denga basi. Dzina lomwe lili pamalopo ndi la amene akuchita lendi lero, pamene shediyo mwina inamangidwira mabelo a fodya kapena chimanga cha ADMARC.

Mapu akale a ku Surveys, nthambi ya boma yojambula mapu, aja a sikelo ya 1:50,000, amathandiza pa nthambi zazitali ngati yopita ku Changalume, komwe kunkachokera zopangira simenti. Tinjanji tatifupi ta m'kati mwa Limbe timangounjikana pamodzi. Mafayilo enieni a Nyasaland Railways muyenera kukawafunsa ku National Archives ku Zomba, ndipo kuchokera kuno ndi ulendo wa tsiku lathunthu, pogona padera.

Ine mtima wanga uli pa njira yachitatu. Mu Chibavi ndi Mchengautuwa muli madala ambiri omwe anagwira ntchito kummwera n'kubwerera kwawo atapuma. Bambo wina amene ankalumikiza mabogi ku Limbe ndinamuonetsa chithunzi pafoni. Anayang'ana kanthawi, n'kuyamba kuloza ndi chala: apa pankalowa mabogi a mafuta, apa feteleza, apo tiyi wochokera ku Luchenza. Anandiuzanso chinthu chomwe mapu sangalembe, chakuti mzere wina unkaoneka ngati wa kampani koma unali wongosungirapo mabogi opanda katundu. Ndikanangodalira chithunzi, ndikanaupatsa mwini wake wabodza.

Koma madalawa amasokoneza zaka. Chilichonse amati "nthawi ya Kamuzu", ndipo nthawi imeneyo ndi zaka 30. Ndimawafunsa motere: "Bambo, pamenepo n'kuti njanji ya ku Nayuchi itatsegulidwa?" Imeneyo ndi 1970. Kapena ndimafunsa ngati sitima zinali zikupitabe ku Beira nkhondo ya ku Mozambique isanatseke njira, ngati madzi anali atakokolola kale njanji ku Chiromo mu 1997, ngati kampani ya CEAR (Central East African Railways) inali itatenga kale njanji mu 1999. Akatero amakumbukira.

Ndiye ndimayamba ndi Google Earth kuti ndipeze mzerewo, ndalama ya basi ya ku Zomba n'kugulira shuga wopita naye kwa madala. Ku Archives ndidzapita ndikadzapeza madala awiri akutsutsana pa siding imodzi.