Ndemanga: kakompyuta kamatabwa koyendera dzanja, kotengera Digi-Comp I

Kachipangizo aka ndikukapatsa nyenyezi zinayi mwa zisanu. Imodzi ndachotsayo ndi chifukwa cha mmene wogulitsa anakakonzera, osati nzeru zimene zili m'kati mwake.

Ndimaphunzitsa masamu ndi Computer Studies pa sekondale ina yoyendera cha ku Linthipe kuno ku Dedza. Ndinagula kudzera mwa mlamu wanga wa ku Johannesburg, kwa munthu wina amene amadula yekha timatabwa topyapyala n'kumagulitsa pa intaneti. Si nzeru zake ayi. Anatengera Digi-Comp I, choseweretsa chapulasitiki chimene kampani ya E.S.R. ya ku America inayamba kugulitsa mu 1963 pa mtengo wa madola pafupifupi 5. Zoyambirirazo masiku ano zili m'manja mwa anthu osunga zinthu zakale, ndipo ena okonda zimenezi amapanga zawo ndi matabwa, makatoni olimba kapena pulasitiki. Changa ndi chimodzi mwa zoterozo.

Chimabwera chosamanga. M'bokosi mumapeza timatabwa, mawaya opindidwa kale, timphira, timachubu tating'ono ndi kabuku. Mulibe batire, mulibe chingwe cholumikiza ku magetsi. Mphamvu yake ndi dzanja lanu: mumakankha kachogwirira ka m'mbali n'kukakokanso, ndipo ulendo umodzi wotero ndiwo sitepe imodzi ya kompyutayo.

Mtima wake ndi timatabwa titatu togona, tosanjikizana. Kalikonse kali ndi malo awiri okha oima, ndipo pa kawindo ka kutsogolo kamaonetsa 0 kapena 1. M'mphepete mwa timatabwati muli timano, ndipo timachubu tija mumativeka pa timanoti. Apa m'pamene pagona nkhani yonse. Kachubu kakakhala pamalo ena, kamatchinga waya kuti usalowe. Waya ukapeza njira yotseguka, umalowa, ndipo mukakankha chogwirira umasuntha thabwa kuchoka pa 0 kupita pa 1, kapena kulibweza. Kusintha malo a timachubu ndiko kulemba pulogalamu, kutanthauza malangizo amene kompyuta imatsata. Mawu akuti pulogalamu ndakhala ndikuwalemba pa bolodi kwa zaka, ana n'kumakopera bwinobwino m'makope, koma apa mwana amaigwira ndi zala, akaika kachubu polakwika makina amayankha molakwika pamaso pake.

Chimene chinandigwira mtima kwambiri ndi kuwerenga. Ndi timatabwa titatu, kamakina aka kamawerenga kuyambira 000 mpaka 111, ndiye kuti 0 mpaka 7. Poyamba zimayenda mosadabwitsa: 001, 010, 011. Koma pochoka pa 011 kupita pa 100, timatabwa tonse titatu timasuntha nthawi imodzi, tiwiri kubwerera, kamodzi kupita patsogolo. Mtsikana wina wa Folomu 3 anandipempha kuti, "Aphunzitsi, tabwerezaninso pamenepo pang'onopang'ono." Anasuzumira kumbuyo, kutsata waya uliwonse ndi maso, kenako anafotokozera anzake yekha kuti ndi chimodzimodzi 99 ikamasanduka 100, kungoti kuno malo amadzaza msanga chifukwa manambala ndi awiri okha. Ndinangoima pambali. Pambuyo pa 111 makina amabwerera pa 000, ndipo funso lakuti 8 wapita kuti linatitengera nthawi yonse yotsala ya phunziro. Kompyuta yeniyeni nayonso ili ndi malire otere, kungoti malo ake ndi ochuluka.

M'kabukumo mulinso masewera a Nim, otola timiyala mosinthana mpaka wina atsale ndi kotsiriza. Anyamata amene amadzitama pa bawo anakhumudwa kugonja kwa matabwa, ndipo kukhumudwako kunawapindulira, chifukwa anakhala pansi kufufuza kuti makinawo akutsata lamulo lanji.

Tsopano zodandaula. Timphira timene anaika m'bokosi n'tofooka, tina tinaduka tisanamalize n'komwe kumanga, ndipo panalibe tapadera. Tinadula malegeni opyapyala kuchokera ku chubu chakale cha njinga. Amagwira, koma muyenera kudula mosamala, chifukwa legeni lokhuthala limakoka waya mwamphamvu mpaka chogwirira kuuma. Chachiwiri ndi matabwawo. Anabwera osapakidwa kanthu, ndipo inu amene mumadziwa nkhungu ya kuno mu June ndi July mukumvetsa chimene chinachitika: anamwa chinyontho, thabwa lapakati linayamba kukakamira, makina n'kumadumpha nambala. Kwa mwana amene akungophunzira kumene, zimenezi n'zoipa kwambiri, poti sadziwa ngati walakwitsa ndi iye kapena ndi thabwa. Ndinapala m'mbali ndi sandipepa, n'kupaka phula la kandulo m'malo onse okhudzana, ndipo pano ndimasunga m'chigoba chapulasitiki chotseka bwino. Chiyambireni kutero sikanavutenso. Wogulitsa akanatha kulemba chenjezo limeneli m'mizere iwiri yokha.

Kabukuko kali m'Chingerezi chokha, ndipo zithunzi za kamangidwe n'zazing'ono moti waya wakutsogolo ndi wakumbuyo amaoneka ofanana. Mwana wa pulayimale sangamange yekha. Pafunika munthu wamkulu wodekha, kapena mnyamata wozolowera kupinda galimoto zamawaya, amene zala zake zimadziwa kale kuti waya wapindika mopitirira. Amene anandithandiza ine ndi wotero, ndipo anaona msanga kuti waya umodzi unabwera wokhota pang'ono, n'kuuwongola ndi pulayazi.

Za mtengo, katundu yekha sanali wodula kwambiri, koma kutumiza kunawonjezera ndalama zambiri. Ngati muli ndi wachibale amene akubwera kuchokera kunja, dikirani akutengereni m'chikwama, n'kopepuka.

Makolo amene mukufuna choseweretsa choti mwana azingosangalala nacho yekha, ichi sichikuyenerani, adzatopa nacho tsiku lomwelo. Sichiwala, sichilira, ndipo kuwerenga kwake kumathera pa 7. Koma aphunzitsi anzanga a m'sukulu zopanda magetsi, kapena za kompyuta imodzi yokhala mu ofesi ya ahedi, ichi chimaphunzitsa gawo la manambala a binary (olembedwa ndi 0 ndi 1 basi) ndi logic (malamulo amene kompyuta imatsata posankha chochita) kuposa choko. Kamodzi kamakwanira gulu la ana asanu kapena asanu ndi mmodzi. Kalasi yonse ikaunjikana, akumbuyo saona mawaya, ndipo mawayawo ndiwo phunziro. Ine ndajambula kale timatabwa tonse pa pepala ndi miyeso yake, ndipo kalipentala wina wa pa Dedza boma wavomera kuyesa kudula ena awiri. Mawaya tigwiritsa ntchito masipoko a njinga.