Kruti Dev kapena Unicode: Chihindi muchilembe ndi iti?

Wofuna kulemba Chihindi pa kompyuta, m'zilembo za Devanagari, amakumana ndi njira ziwiri.

Kruti Dev ndi fonti yakale yotsatira kiyibodi ya makina otayipira a Remington. Imangoveka zilembo za Chilatini chovala cha Devanagari: mukadina d pamaoneka क, koma kompyuta imasunga d yemweyo. Unicode imapatsa chilembo chilichonse nambala yakeyake. Gawo lalikulu la Devanagari mu Unicode lili ndi malo 128, kuyambira U+0900 mpaka U+097F, ndipo anawasanja potengera ISCII, ndondomeko imene India inakonza m'ma 1980.

Potumiza: mukalemba dzina la dziko la India m'Chihindi, भारत, mu Kruti Dev, foni yopanda fontiyo imaonetsa "Hkkjr". La Unicode limafika monga linachokera.

Pofufuza: Google imapeza mawu a Unicode, a Kruti Dev imawaona ngati Chilatini chosokonekera.

Kukula: Kruti Dev imadya baiti (muyeso wa malo osungira zinthu pa kompyuta) 1 pachizindikiro, Unicode mu UTF-8, njira yofala yoisungira, imadya 3. Masiku ano zimenezo sizidetsa nkhawa aliyense.

Potayipa ndiye pamasokoneza ambiri. Kavawelo ka ि kamaoneka kumanzere kwa konsonanti ngakhale kamatchulidwa pambuyo pake. Mu Kruti Dev mumayamba kudina iko, monga diso likuonera. Unicode imakasunga pambuyo, monga pakamwa pakutchulira, kenako pulogalamu imakasunthira kumanzere yokha. Zala zozolowera Remington zimayamba zakana kaye.

Kruti Dev isiyireni okonzekera mayeso otayipa a ntchito za boma amene akuifunabe, ndi osindikiza okhala ndi mafayilo akale. Wolemba pa intaneti, pa WhatsApp kapena zosunga zaka zambiri atenge Unicode, ndi fonti ngati Mangal.