Kuthawira kumpoto kapena kulowa m'nkhalango: muyambe ndi buku liti?

Mabuku a nkhani zopeka onena za akapolo othawa ku America alipo mitundu iwiri ikuluikulu, ndipo musanagule kapena kubwereka ndi bwino mudziwe kusiyana kwake. Ena amatsata munthu amene akuthawira kumpoto kwa United States, ku zigawo zopanda ukapolo, mwinanso mpaka ku Canada. Ena amatsata anthu amene sanafune kukakhala pansi pa boma la mzungu aliyense, koma analowa m'nkhalango, m'madambo ndi m'mapiri n'kumanga midzi yawoyawo, monga zinachitikira ku Brazil, Jamaica ndi Suriname.

A kumpotowa ndiwo ali mbwee, ndipo savuta kuwerenga. Nkhani imayenda yokha, pakuti kochokera kulipo, kopita kulipo, agalu osaka ali m'mbuyo. Wolemba savutikanso kupeka, chifukwa zimene zinachitikadi n'zoti akanazipeka yekha tikanati watinamiza. Mu 1849 Henry Brown anakhomeredwa m'bokosi n'kutumizidwa ngati katundu kuchokera ku Richmond kupita ku Philadelphia, ulendo wa maola pafupifupi 27. Chaka cha 1848 Ellen Craft, amene anali woyera khungu, anachoka ku Macon m'chigawo cha Georgia atavala ngati bwana wachizungu wodwala, mwamuna wake William akuoneka ngati kapolo womuperekeza. Dzanja lamanja analikulunga n'kulikoloweka m'khosi kuti asamuuze kusaina kaundula, poti sankadziwa kulemba. Komanso William Still wa ku Philadelphia ankalemba nkhani za othawa amene ankafika kwa iye, n'kudzazisindikiza mu 1872. Choncho wolemba wa lero ali ndi potapa mawu a eni akewo.

Pofooka pake ndi pakuti ambiri amakweza kwambiri owathandiza. Mumangoona mzungu wachifundo wanyamula nyali pakhomo, wothawayo n'kusanduka mtolo wopatsirana. Chonsecho ambiri ankayamba ulendo okha, makamaka anyamata ochokera m'zigawo za ukapolo zochita malire ndi za kumpoto, monga Maryland ndi Kentucky. Ngakhale Harriet Tubman, amene atathawa ukapolo anabwerera komwe anachokera maulendo pafupifupi 13 n'kutulutsa anthu pafupifupi 70, ankatenga makamaka abale ake ndi anthu owadziwa.

Ine ndimayesa buku lotere poona zimene lachita ndi chaka cha 1850. Lamulo la chaka chimenecho linalola kugwira wothawa ngakhale m'zigawo zopanda ukapolo. Wogwidwayo sankaloledwa kupereka umboni pa mlandu wake, ndipo woweruza ankalandira madola 10 akam'bweza ku ukapolo, koma madola 5 okha akam'masula. Tsono buku likathera pa kuwoloka mtsinje wa Ohio, umene unali malire a zigawo za ukapolo ndi zopanda ukapolo, anthu akuimba ndi kukumbatirana, pamene nkhani yake ndi ya pambuyo pa 1850, dziwani kuti lakubisirani theka la ulendo.

A m'nkhalangowa ndi olemerera, ndipo amayamba mwapang'onopang'ono. Kuthawa kumatha m'mitu yoyambirira, kenako pamabwera ntchito yokhala ndi moyo: kuswa mphanje malo obisika, kubzala chinangwa ndi mpunga, kumanga linga, kumvana pakati pa anthu obadwira m'mitundu yosiyana amene zinenero zawo sizikumana. Wina akatulukira usiku ali wefuwefu, mum'landire kapena ndi kazitape wa eni minda? Apa ndi pamene ine ndimaona kuti mtundu uwu umaposa unzakewo, chifukwa anthu ake amayenera kusankha zinthu zowawa popanda wowauza chochita.

Taonani ku Jamaica. Mu 1739 Cudjoe, mtsogoleri wa othawa okhala m'mapiri, anachita pangano ndi Angerezi. Anthu ake anapatsidwa ufulu ndi malo, koma anavomera kuti azibweza akapolo ena othawira kwa iwo. Munthu amene dzulo anali wothawa, lero akusaka mnzake. Wolemba waluso sathamangira kum'weruza, amakusiyani mukhale pabwalo pomwepo mumve mantha a mayi amene watopa ndi nkhondo. Ku Palmares, midzi ya othawa ya m'mapiri a kumpoto chakum'mawa kwa Brazil, nkhani yofanana nayo inagawa anthu. Mfumu yawo Ganga Zumba inavomera mtendere ndi Apwitikizi mu 1678, koma mtsogoleri wina, Zumbi, anakana. Likulu lawo linagwa mu 1694, ndipo Zumbi anaphedwa pa 20 Novembala 1695.

Chenjezo ndi lakuti m'mabuku amenewa zopeka zimachuluka. Zambiri zolembedwa za Palmares zinachokera kwa asilikali ndi akuluakulu a boma amene ankapita kukaotcha midziyo, kotero wolemba amadzaza mipata ndi mutu wake, ndipo ena amangojambula paradaiso wopanda mkangano. Ku Suriname zinthu n'zosiyanako. Magulu a othawa a kumeneko anapangana ndi Adatchi, a Ndyuka mu 1760, a Saamaka mu 1762, ndipo zidzukulu zawo zikadali m'mphepete mwa mitsinje ya kumeneko, zikusungabe mbiri yapakamwa, kuphatikizapo ya amayi amene anathawa atabisa mbewu ya mpunga m'tsitsi. Buku lotapa pamenepo limamveka kuti lili ndi mizu.

Ngati mukugulira mwana wa kusekondale kapena munthu amene sanazolowere mabuku aatali, tengani la kumpoto, koma muyambe mwasuzumira masamba omaliza, wolemba wabwino amafotokozako zimene zili zoona ndi zimene wapeka. Ngati ndi la gulu lokambirana, la m'nkhalango ndilo lingakufikitseni usiku mukutsutsana. Kungoti muyenera kulifunafuna, chifukwa ambiri onena za Palmares analembedwa m'Chipwitikizi, a Suriname m'Chidatchi, ndipo si onse amene anamasuliridwa m'Chingerezi.