Masiku 12 ku Nepal ndi ophunzira 18: za m'phiri nzabwino kwambiri, za mumzinda akonze

Ndine mphunzitsi wa jogalafe ku sekondale, ndipo mwezi wa Marichi ndinali m'modzi mwa aphunzitsi atatu amene tinaperekeza ophunzira 18, azaka 16 ndi 17, ku Nepal. Kampani imene inakonza ulendowu sindiitchula dzina, poti pali zingapo zoti ndidandaule ndipo eniake ndinawauza kale pamaso. Makolo ndi aphunzitsi anzanga akhala akundifunsa ngati ulendo wotere, wophatikiza kuona malo akale, kupalasa bwato ndi kukwera mapiri, umamuphunzitsadi mwana kapena ndi tchuthi chongovekedwa yunifolomu. Umaphunzitsa ndithu. Pa nyenyezi zisanu ndikupereka zinayi, ndipo zambiri mwa zinayizo ndi za anthu amene anayenda nafe wapansi m'phiri. Imene ndachotsayo yatsala ku Kathmandu, likulu la dzikolo.

Chigwa cha Kathmandu chili ndi malo asanu ndi awiri amene bungwe la UNESCO linawaika m'kaundula wake wa malo ofunika pa mbiri ya dziko lonse lapansi mu 1979. Kampaniyo inatipanikizira anayi mwa malowa tsiku limodzi: Swayambhunath m'mawa, bwalo la nyumba zachifumu la Durbar Square, kenako Pashupatinath, kumalizira Boudhanath dzuwa likulowa. Papepala zimaoneka zotheka. Pamsewu galimoto ndi njinga zamoto zimachita kupanikizana, moti theka la tsiku linathera m'basi. Wotionetsa malo wamumzinda ankatchula mayina a mafumu ndi zaka ngati akuwerenga mndandanda wa zogula, ndipo mwana akati afunse kanthu, yankho linali lakuti basi ikudikira.

Chimene chinandipweteka mtima chinachitika ku Pashupatinath. Awa ndi malo opatulika a Ahindu m'mbali mwa mtsinje wa Bagmati, ndipo ndi pomwe amawotcherapo mitembo. Amene si Mhindu salowa m'kachisi wamkulu, amaima tsidya lina n'kumaonerera. Palibe anatichenjeza kuti tikawachenjeze anawo. Tinangozindikira tili pamasitepe, patsidya pamtunda wosakwana mamita 30 banja likusambitsa mapazi a malemu wokutidwa nsalu yachikasu, mwana wake wamwamuna atavula malaya, akuzungulira nkhuni ndi moto m'manja. Wotionetsa uja anati amene akufuna kujambula ajambule. Ndinawaletsa onse. Pamaliro pa anthu sipojambulirapo zoika pa Instagram, kaya ena akujambula. Mtsikana wina amene bambo ake anamwalira chaka chathachi anandigwira mkono mwamphamvu, akunjenjemera, n'kunena chapansipansi kuti, “Aphunzitsi, tiyeni tikhale kaye, musatichotse msanga.” Iye ankafuna kuona mpaka pamapeto. Patatha mphindi 40 tinali m'basi. Usiku umenewo aphunzitsi atatufe tinakhala ndi ana maola awiri pakhonde la hotela kukambirana zomwe anaona, ndipo anafunsa mafunso akuya kuposa amene ndimamva m'kalasi teremu yonse. Koma nthawi imeneyo tinachita kuiba ku tulo, kampani sinaiganizireko n'komwe.

Ku Bhaktapur, mzinda wakale wa m'chigwa chomwecho, m'mawa mwake zinaliko bwino. Kachisi wa Nyatapola, wa madenga asanu osanjikizana, anamangidwa mu 1702 mu ulamuliro wa Mfumu Bhupatindra Malla, ndipo anapirira chivomerezi cha 1934 komanso cha pa 25 Epulo 2015, chija cha mphamvu ya 7.8 chomwe chinapha anthu pafupifupi 9,000. Nyumba zambiri zomuzungulira zinagwa, zina mpaka pano zikuoneka kuti njerwa zake nzatsopano. Mnyamata wina anafunsa chifukwa chake dzikoli limagwedezeka chonchi, ndipo ndinatenga mabuku awiri n'kumuonetsa pomwepo momwe chigawo cha nthaka chonyamula India chikulowera pansi pa cha Asia, masentimita ochepa chaka chilichonse. Mphamvu yomwe inagwetsa nyumbazo ndi yomweyo ikukweza mapiri a Himalaya. Ndikanakonda tsiku lathunthu pamenepo. Tinapatsidwa maola atatu.

Kupalasa bwato pa mtsinje wa Trishuli kunayendetsedwa mwaukatswiri, ndipo makolo amantha akhoza kukhazika mtima pansi. Mtsinjewu umachokera ku Tibet, madzi ake ndi ozizira kufika m'mafupa, ndipo umatsata msewu waukulu wa Prithvi wopita ku mzinda wa Pokhara, choncho phokoso la malole silikusiyani. Tisanakhudze madzi, mkulu wa opalasa anatha ola lathunthu pamchenga. Aliyense anamumanga yekha jekete yoyandamitsa n'kuikoka m'mapewa kuona ngati ingavuke, anaona chipewa cholimba cha aliyense, anatiphunzitsa kagwiridwe ka nkhafi, ndipo pamalo odekha anagwetsera dala mwana aliyense m'madzi kuti adziwe kugona chagada, miyendo kutsogolo. Tinali m'mabwato atatu ampira, ndipo anyamata awiri ankatizungulira pa timabwato ta munthu mmodzi. Pamathithi ena otchedwa Upset, mnyamata wathu wosadziwa kusambira anagwera m'madzi. Ndinaona chipewa chake chofiira chikumira n'kutulukanso, maso ali tong'o, koma miyendo anaiponya kutsogolo monga anamuphunzitsira. Wakabwato anamufikira ndisanamalize kufuula dzina lake, ndipo anzake awiri anamukokera m'bwato pomugwira m'mapewa a jekete. Madzulo ake pamoto, pomwe tinagona m'matenti pamchenga, ndi iyeyo amene ankafotokozera anzake chifukwa chake madzi amazungulira kuseri kwa mwala waukulu. Chokhacho chondidandaulitsa n'chakuti atsikana analibe posinthira zovala mpaka mphunzitsi mnzanga wamayi atalankhula, ndiye anachita kudzutsa tenti mofulumira.

Tsopano za m'phiri, zimene zandichititsa kulemba ndemangayi. Kuchokera ku Pokhara tinapita pa galimoto mpaka ku Nayapul, tinaonetsa zilolezo zolowera m'dera lotetezedwa la Annapurna pa Birethanti, n'kuyamba wapansi masiku asanu: Tikhedhunga, Ulleri, Ghorepani, Tadapani, Ghandruk. Wotitsogolera wamkulu anali bambo wa mtundu wa Gurung, wamfupi, wosalankhula kwambiri. Ana anayamba kumutchula “dai”, ndiko kuti achimwene m'chinenero cha Chinepali. Tsiku lachiwiri tinakumana ndi masitepe amiyala opita ku Ulleri, oposa 3,000, otsetsereka moti ukakweza maso umangoona nsapato za mnzako. Anyamata amphamvu anafuna kuthamanga. Bamboyo anawabweza onse, n'kuika kutsogolo mtsikana amene ankapuma wefuwefu kuposa aliyense, ndipo anati liwiro la gulu ndi limeneli. Mawu ake anali amodzi tsiku lonse, “bistari, bistari”, kutanthauza pang'onopang'ono. Mtsikanayo, amene kusukulu amabisala nthawi ya masewera, ndiye analowa m'mudzi wa Ulleri poyamba, anzake 17 ali pambuyo pake. Nkhope yake sindidzaiiwala.

Bamboyu amaphunzitsa akuyenda. Mabelu a nyulu akamveka, ankatiuza tiime mbali ya phiri, osati ya kuphompho, chifukwa katundu wa nyamayo akakukankha ukagwere kukhoma. Anawaonetsa ana minda yamasitepe n'kuwafunsa okha kuti aganize chifukwa chake mpunga uli m'munsi pomwe mawere ndi mbatata zili kumtunda. Anawauza ayerekeze mtengo wa tiyi mudzi ndi mudzi, ndipo okha anatulukira kuti ukukwera limodzi ndi phiri chifukwa chilichonse chimafika pamsana pa munthu kapena pa nyama. Chakudya chathu chachikulu chinali dal bhat, mpunga ndi msuzi wa mphodza ndi ndiwo zamasamba, ndipo amakuwonjezera mpaka ukane wekha. Masiku awiri oyamba ena ankanyinyirika, lachitatu mbale zinkabwerera zoyera. Pamwamba pa Ulleri tinalowa m'nkhalango ya mitengo ya rhododendron, duwa la fuko la Nepal, ndipo poti inali nyengo yake, phiri lonse linali psuu kufiira.

Ku Ghorepani, mamita oposa 2,800 kuchokera pamwamba pa nyanja, kunazizira koopsa. Zipinda ndi zamatabwa, zopanda moto, ndipo onse tinaunjikana pa mbaula ya m'chipinda chodyera pomwe masokosi ankauma. Mnyamata wina anayamba kumva mutu ndi nseru. Matenda obwera ndi kuchepa kwa mpweya amatha kuyamba munthu akadutsa mamita 2,500, ndipo sasankha wamphamvu kapena wofooka. Bamboyo anamuyeza ndi kachipangizo kopanira chala, anamumwetsa madzi, anadzuka kawiri usiku kukamuona, ndipo m'bandakucha ananena mosapita m'mbali kuti mnyamatayo sakwera Poon Hill, phiri la pamwamba pa mudziwo loonerapo mapiri akuluakulu dzuwa likutuluka. Mwanayo analira, n'kundichonderera, “Aphunzitsi, auzeni andilole, ndili bwino.” Ndinakhala mbali ya bamboyo. Anatsala ndi mphunzitsi mnzanga, ndipo titayamba kutsika masana mutu unasiya. Kampani yofuna kungosangalatsa makasitomala ikanamulola. Pa chimenechi ndimawalemekeza.

Enafe tinanyamuka isanakwane 5 koloko ndi matochi a pamutu, ola limodzi kukwera mumdima kufika pa mamita 3,210. Kuwala kunayamba kugunda nsonga ya Dhaulagiri, mamita 8,167, kenako mapiri a Annapurna, omwe lalitali mwa iwo ndi mamita 8,091 ndipo ndi loyamba mwa mapiri opitirira mamita 8,000 kukweredwa, mu 1950, ndi Maurice Herzog ndi Louis Lachenal a ku France. Chakum'mawa kunali Machapuchare, losongoka ngati mchira wa nsomba, lopatulika kwa anthu a kumeneko ndipo boma silipereka chilolezo cholikwera. Ana anali chete, chinthu chosowa. Pamenepo bamboyo anapisa m'thumba n'kutulutsa kamwala kakuda, kosweka pakati, m'kati mwake muli chigoba chopiringizika ngati cha nkhono. Anati ndi shaligram, wochokera mu mtsinje wa Kali Gandaki umene umadutsa pakati pa Dhaulagiri ndi Annapurna, ndipo Ahindu amaulemekeza monga chizindikiro cha mulungu wawo Vishnu. Kwa ine mphunzitsi, chinali chamoyo cha m'nyanja yakale ya Tethys, chimene chinakankhidwira m'mwamba pamene India inagundana ndi Asia. Kamwalako kanayenda dzanja ndi dzanja, zala zitauma ndi chisanu. Mnyamata wa funso la ku Bhaktapur uja anakatembenuza kangapo, anayang'ana phiri, n'kunena kuti, “Ndiye kuti pamwamba paja panali pansi pa nyanja?” Zaka zambiri ndakhala ndikujambula zimenezi pabolodi, koma ndinali ndisanamvepo mwana akuzinena yekha ndi mawu ake.

Ku Ghandruk, mudzi wa nyumba zamiyala zofoleredwa ndi miyala yaphanthiphanthi, tinagona kwa anthu a mtundu wa Gurung. Ambiri mwa amuna a kumeneko akhala akulowa usilikali wa Gurkha m'magulu ankhondo a Britain ndi India, ndipo lero achinyamata ambiri amakagwira ntchito ku Malaysia ndi maiko a ku Gulf. Mayi wa panyumbapo anawaonetsa ana zithunzi za ana ake atatu, onse ali kunja. Phunziro la kusamuka kwa anthu linathera pamenepo, pambali pa moto.

Dandaulo langa lalikulu lachiwiri ndi la onyamula katundu. M'mgwirizano analemba kuti munthu mmodzi azinyamula zikwama za ophunzira awiri. Tsiku loyamba ndinaona mmodzi, mnyamata wosasiyana kwambiri msinkhu ndi ophunzira anga, atamanga zitatu pamodzi, lamba ali pachipumi, kumapazi nsapato zansalu zong'ambika. Nditafunsa, ndinamva kuti wina sanabwere ndipo ofesi sinatumize wolowa m'malo. Tinatsitsa katundu wina n'kugawana tokha. Ulendo wophunzitsa ana sungayende pamsana pa mwana wa wina wolemedwa chonchi, ndipo ophunzira anga anaona zonsezo. Komanso kampani sinatiuze pasadakhale kuti pomaliza pamakhala mwambo wopereka kangachepe kothokoza otsogolera ndi onyamula katundu, moti tinachita kusonkherana zotsala m'matumba.

Kwa amene mukuganiza zopita: zilolezo za m'phiri, chakudya, malo ogona ndi zida za pamtsinje zinali m'kati mwa mtengo. Kutchaja foni, madzi otentha osamba ndi madzi akumwa owiritsa m'midzi ya m'phiri mumalipira padera, ndipo tengeranitu ma rupee, ndalama za kumeneko, ku Pokhara chifukwa kumtundako makina otulutsa ndalama sitinawaone. Onetsetsani kuti inshuwalansi ya mwana aliyense ikuphatikiza kunyamulidwa pa helikopita. Nsapato zogula dzulo zisiyeni kunyumba. Ana atatu amene anabwera ndi zatsopano ndi omwe anavutika ndi matuza. Ndipo yambani kuwayendetsa mitunda ndi zikwama kumsana miyezi iwiri ulendo usanafike.

Sukulu yathu ikufuna kutumiza gulu lina chaka chamawa. Ndawalembera a kampaniyo zinthu zinayi: tsiku lina lowonjezera m'chigwa cha Kathmandu, kukambirana ndi ana tisanapite ku Pashupatinath, wotitsogolera yemweyo wa m'phiri, ndi lonjezo lolembedwa la kulemera kwa katundu wa munthu mmodzi komanso nsapato ndi majekete awo. Zitatu zoyambazo avomera. Chachinayi sanayankhe, ndipo mpaka atayankha sindisaina.