Kawotchi kowerenga masitepe: miyezi itatu kali padzanja langa

Ndinakagula ku Limbe, m'kashopu kena ka mafoni, pa K28,000 titanenerera mpaka wogulitsa kutopa nane. N'kaja ka lamba wa raba, kagalasi kake kakang'ono ngati chala, kolumikiza ku foni ndi Bluetooth. Ndinatengeka ndi mnzanga wa m'kalasi ku yunivesite ya MUBAS yemwe madzulo aliwonse ankationetsa masitepe ake ngati malikisi a mayeso.

Sabata yoyamba kanandichititsa manyazi. Ine ndinkadziyesa munthu woyenda, poti ndimachita lendi ku Chitawira ndipo kusukulu ndimapita wapansi. Lachiwiri, tsiku la makalasi, kanawerenga 7,400. Koma Loweruka, nditangogona pamphasa ndi bandulo ya TikTok, kanati 900. Masitepe 900 tsiku lathunthu, ndipo ambiri mwa iwo anali opita pachiwaya kukagula chipisi!

Kuwerenga kwake musakukhulupirire kwambiri. M'kati mwake muli kachipangizo komva kugwedezeka kwa dzanja, basi, miyendo sikaiona. Tsiku lina ndikuvundula nsima ndinapeza kandipatsa masitepe 200 ndili chiimire pambaula. Kuchapa jinzi nakonso kumawerengedwa ngati ulendo. Minibasi ya ku Ndirande ikamadumpha m'maenje, iko kamati ndikuyenda. Pomwe ndikanyamula chidebe cha madzi dzanja lili phee, kamandibera. Kagetsi kobiriwira kam'munsi kamayeza kugunda kwa mtima, koma thukuta likachuluka kapena lamba akakhwepa, manambala amangosokonekera.

Za masitepe 10,000 zomwe kamandikakamiza tsiku ndi tsiku, chiwerengerocho chinachokera kwa amalonda a ku Japan m'zaka za m'ma 1960, potsatsa kachipangizo kowerenga masitepe. Bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO limanena za nthawi: munthu wamkulu azichita zolimbitsa thupi mphindi 150 mpaka 300 pa sabata, monga kuyenda ndawala. Ndiye ndinasiya kuthamangitsa nambala, ndimangoona ngati ndayenda mphindi 30 mpaka kupuma mwabefu pang'ono.

Chimene ndakakondera n'chimodzi. Ndikakhala pampando ola lathunthu kamanjenjemera padzanja. Nthawi ya mayeso mulaibulale, munthu umatha kukhala kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kupendeka, maso pa laputopu, msana utauma gwa. Poyamba kankandinyansa. Pano kakanjenjemera ndimadzuka, kutsika masitepe a nyumbayo, kuzungulira panja n'kubwerera. Lamlungu lina ine ndi anzanga awiri tinakakwera phiri la Soche chifukwa chongofuna kuposana manambala. Ndinabwerako akatumba akuwawa masiku atatu.

Mauthenga a WhatsApp ndinawatseka pa tsiku lachitatu. Gulu la kalasi lathu silimagona, ndiye dzanja linkangonjenjemera, ine n'kutulutsa foni, mphindi 40 n'kupita ndili pamalo amodzi. Chinthu chogulira kuti ndiziyenda chinayamba kundibwezera pafoni pomwepo.

Batire limakhala masiku asanu kapena asanu ndi limodzi, zomwe zimathandiza magetsi akathima. Chaja yake ndi ya mtundu wakewake, mukaitaya mwagwa nayo. Lamba wayamba kale kung'ambika pabowo lomwe ndimamangira.

Ngati ndalama ya upkeep, yodzisamalira pasukulu, ikuvuta, musakagule. Mafoni ambiri amawerenga masitepe mwaulere mukaikamo pulogalamu yowerenga masitepe, bola foniyo ikhale m'thumba. Ine kanga ndipitiriza kuvala mpaka lambayu aduke.