Kuteteza anapiye kwa akabawi: dengu, zingwe kapena utoto?

Musanasankhe njira, dziwani kaye mbalame imene ikukuberani anapiye, chifukwa akabawi sasaka mofanana.

Kabawi wamkulu wa mchira wamphanda ndi mlomo wachikasu ndi mlendo. Amafika kuno cha mu Ogasiti kuchokera kumpoto kwa dera lathu lino la Africa, n'kubwerera cha mu Malichi. Mapiko ake akatambasula amaposa mita imodzi, koma thupi lake silifika kilogalamu. N'chifukwa chake amangoyandama pa mpweya wotentha wokwera kuchokera pansi, osakupiza mapiko, akupotoza mchira uku ndi uku powongolera. Dzuwa likangotentha amayamba kuzungulira pamudzi, ndipo akaona mwanapiye pabwalo loyera amatsika, kumukwatula ndi zikhadabo osatera n'komwe. Winayo ndi wamng'ono, wa mapiko aafupi ndi mchira wautali, ndipo amakhala nafe chaka chonse. Iyeyu sazungulira m'mwamba. Amabisala mu mtengo wa mango, n'kutulukira mwadzidzidzi motsika, akudutsa ngakhale pakati pa nkhokwe ndi khitchini.

Zingwe zimathandiza pa kabawi wamkuluyo basi. Mumazika mitengo yotalika mamita awiri kuzungulira pamene nkhuku zimadyera, n'kumanga zingwe mopingasana pamwamba, motalikirana masentimita osaposa 50. Mbalame ya mapiko aatali imafuna malo otsikira ndi okwerera mosadodometsedwa, ndiye ikaona zingwe imalambalala poopa kukola phiko. Vuto ndi lakuti nkhuku yoyenda yokha sikhala pansi pa zingwe tsiku lonse, imapita ndi ana ake kudzala kapena kumunda. Kabawi wamng'ono uja amalowera m'mbali, ndipo khwangwala amangotera n'kuyenda wapansi. Ukonde wakale wa asodzi umatchinga bwino kuposa zingwe ngati mwaukoka mpaka m'mbali. Neti ya udzudzu isagwire ntchito imeneyi, malo ake ndi pogona ana.

Kupaka anapiye utoto wa jivi kapena wofiirira ndi njira yotchipa kwambiri, ndipo ambiri amaikonda. Koma ife sitingaidalire payokha. Akabawi amaona mitundu bwino kwambiri, ndipo chimene chimawakopa ndi kayendedwe ka kanthu kakang'ono pamtetete. Mtundu wachilendo ukhoza kuwakayikitsa masiku oyamba, koma amene walawa mwanapiye wopakidwa mmodzi waphunzira kale. Utotowo umathanso nthenga zenizeni zikayamba kumera, pamene mwanapiye akadali wopepuka. Ngati mwapakabe, pakani pamsana pokha, m'mawa kukutentha, chifukwa mwanapiye wonyowa amazizidwa msanga n'kufa.

Dengu lalikulu lansungwi lovundikira, kapena kakhola kawaya konyamulika, ndiye njira yomwe imatseka njira zonse zitatu: pamwamba, m'mbali ndi pansi. Thadzi limodzi ndi anapiye khumi likufuna dengu lotambalala pafupifupi mita imodzi masabata oyamba, ndipo anawo akamakula muwonjezere malo. Mabowo asapose sentimita imodzi ndi theka. Akakula kuposa apo mwanapiye amatulutsa mutu, ndipo khwangwala amamujompha ali panja. Tsirani miyala m'mphepete kuti mphepo kapena galu asaligubuduze, ikani thumba pamwamba mbali imodzi kuti pakhale mthunzi, ndipo muzilisuntha tsiku lililonse. Likakhala pamodzi, zitosi zimaunjikana pachinyontho ndipo anapiye amayamba kutsegula m'mimba, nthawi zina zamagazi.

Mtengo wake wa dengu uli pa chakudya, ndipo apa ndi pamene ambiri amagwa. Mwanapiye wotsekeredwa sangapalase chiswe ndi tiziwala, choncho gaga yekha samukwanira. Sakanizani makapu atatu a gaga ndi kapu imodzi ya soya wokazinga ndi kupera, muwazemo usipa kapena bonya wosinja pang'ono, ndi masamba a chisoso kapena bonongwe oduladula. Soya wamuwisi amalepheretsa chakudya kugayika bwino, anapiye amapinimbira. Madzi muike m'mbale yosazama yokhala ndi timiyala kuti asamire. Dengu siliteteza ku chitopa, katemera wodonthezera m'diso wa I-2 akufunikabe.

Atsekereni mpaka masabata 6 kapena 8. Pofika pamenepo amakhala atalemera, akuthamanga, ndipo amadziwa kulowa pansi pa nkhokwe tambala akachenjeza. Mukawamasula, apa ndi pomwe zingwe zimakhala ndi phindu, makamaka kuyambira Ogasiti mpaka Malichi. Siyaninso tizitsamba tatifupi ngati nandolo pafupi ndi podyera kuti azithawiramo, koma podyerapo pasakhale pansi pa mtengo wa masamba othithikana, pobisalira kabawi wamng'ono.

Kutchera poizoni musayerekeze. Nyama yapoizoni imapha agalu, amphaka ndi nkhuku zomwe, pomwe kabawi wamkuluyo nthawi zambiri amadya mbewa, ngumbi ndi zakufa zapamsewu.